Mfundo za Ulusi wa Galasi: Mbiri ya Anthu Olumikiza Kuwala

Anthu akamakamba za nthambo za faiba, zimene masiku ano zimanyamula mawu athu, zithunzi zathu ndi ndalama zathu kuchokera ku dziko lina kunka ku dziko linzake, amakonda kutama akatswiri amene anayenga galasi kufikira litayera koposa madzi a pakasupe. Ndipo kutamidwako n'kowayenera, pakuti ntchito yawo inali yaikulu ndithu. Koma ine mtima wanga uli pa anthu ena amene maina awo samveka kawirikawiri, anthu amene anatha zaka zambiri akulimbana ndi funso looneka ngati lopepuka: ulusi wina wa galasi ukathera pano, unzake n'kuyambira pomwepo, kodi tiulumikiza motani kuti kuwala kuoloke kosatayika, nanga mfundoyo tiifunditsa chiyani kuti mvula, chiswe ndi dzuwa zisaiwononge? Nthambo imachoka ku fakitale itakulungidwa pa chigudumu chachikulu, utali wake makilomita owerengeka okha, kotero kuti njira iliyonse ya kuwala, ngakhale yochokera ku Lilongwe kukafika kunyanja yamchere, ili ndi mfundo zosawerengeka, ndipo imodzi yokha ikavuta, mzinda wathunthu umakhala chete ngati pamaliro.

Za galasilo tingodutsapo mwachangu. M'chaka cha 1966, Charles Kao, wobadwira ku Shanghai, ndi mnzake George Hockham, akugwira ntchito ku Standard Telecommunication Laboratories m'tauni ya Harlow ku England, analemba kuti chimene chimadya kuwala m'galasi ndi zonyansa zotsalira m'kati mwake, ndi kuti likadapezeka galasi losunga gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a kuwala pamtunda wa kilomita imodzi, likadatha kunyamula mauthenga. Mu 1970, Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a kampani ya Corning ku America anapanga ulusi umene unapyola muyezo umenewo, ndipo pofika 1977 anthu a ku Chicago anali atayamba kuyankhulana pa telefoni kudzera m'galasi loyalidwa pansi pa misewu yawo. Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009.

Tsono taonani kumene kunali vuto. Ulusi wa galasi ndi wonenepa mamaikiloni 125, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a milimita, kuposa pang'ono tsitsi la munthu. Komatu kuwala sikuyenda m'ulusi wonsewo ayi, kumayenda mu mtima wake, umene mu ulusi wa maulendo ataliatali uli ngati mamaikiloni 9 okha. Wolumikiza waya wa kopa amangopota mbali ziwiri pamodzi, magetsi n'kudutsa osafunsa. Koma wolumikiza galasi ayenera kupenyanitsa mitima iwiri yosaoneka ndi maso, maso ndi maso ngati anthu opatsana moni, ndipo ukapatuka umodzi ndi maikiloni imodzi kapena awiri, kapena pakagwa kafumbi kamodzi pakati pawo, kuwala kumene kwayenda makilomita makumimakumi mwamtendere kumatayikira pakhomo pomwepo. M'masiku oyambirira, akatswiri ankagoneka maulusi awiri m'kangalande kosemedwa ngati chilembo cha V, n'kuwamata ndi guluu, ntchito yotheka pa tebulo la munthu wophunzira wokhala ndi maikulosikopu, koma yosatheka kwa mmisiri woimirira m'dzenje la matope usiku.

Mfundo zinafunika za mitundu iwiri: ina yomanga kamodzi n'kuiwala, ina yoti munthu azitha kuzula ndi kubwezera pamakina monga tichitira ndi pulagi ya wailesi. Yachiwiriyi ndiyo inasautsa anthu koposa. Ku Bell Laboratories, gulu lotsogozedwa ndi Jack Cook linaumba chilumikizo chotchedwa biconic, chimene mitu yake iwiri inali yosongoka ngati nsonga ya chinangwa, yolowa m'chibowo chosongoka mbali zonse ziwiri, kuti kusongokako kukankhire maulusi pakatikati. Kampani ya Amphenol inatenga chilumikizo cha SMA, chimene chinali cha mawaya a mafunde a wailesi, n'kuchiboola kuti mulowe galasi. Zonsezi zinagwira ntchito m'nthawi yake, komabe zinali ndi chilema chimodzi, chakuti munthu akazula n'kubwezeranso, kuwala kodutsa lero sikunali kofanana ndi kwa dzulo.

Chithandizo chinachokera ku Japan, ndipo chinachokera m'dothi. Akatswiri a kampani ya matelefoni ya NTT, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1980, anakonza chilumikizo cha FC, chimene mtima wake unali kandodo kadothi kotchedwa ferrule, konenepa mamilimita 2.5, koboola pakati ndendende kuti ulusi ulowemo wosagwedera. Ndipo oumba zadothi zamakono, monga a Kyocera a mumzinda wa Kyoto, anaphunzira kuumba ndi kuwotcha timindodo timeneti tambirimbiri tofanana ngati mapasa, poyamba ndi dothi la alumina, pambuyo pake ndi la zirconia, limene silithetheka msanga. Timindodo tiwiri timakumana m'kati mwa kachubu kong'ambidwa mbali imodzi, kamene kamatifumbatira tonse mofanana, pamene kasipuling'i kali kumbuyo kakutikankha kuti tisalekane. Ine ndimaona chinthu chokoma pamenepa: luso lakale koposa la anthu, la amayi oumba mbiya ndi kuziwotcha pamoto, ndilo limene linapatsa luso latsopano koposa msana woimirira nawo.

Zotsatira zake zinabwera motsatizana ngati ana a nyumba imodzi, aliyense ndi khalidwe lake. FC ankaimanga popotokola ngati bawuti. ST, ya kampani ya AT&T, imene inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1980, ankaikankha n'kuipotoza pang'ono monga tiikira babu m'denga. SC, yochokeranso ku NTT, inali ya ngodya zinayi, yongokankha mpaka italira kuti "the", chinthu chimene chinalola kuti zilumikizo zambiri zikhale mothithikana popeza zala sizinafunenso malo ozungulira. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 kampani ya Lucent inachepetsa kandodo kaja ndi theka, kukhala mamilimita 1.25, n'kuikapo kokowera konga ka waya wa telefoni ya m'nyumba, ndipo LC imeneyo ndiyo yadzaza m'zipinda za makompyuta lero. Pamene MPO, yobadwa ku luso lina la NTT, imalumikiza maulusi 12 nthawi imodzi.

Koma kanthu kamene kamandigwira mtima koposa m'mbiri yonseyi ndi ka nkhope ya kandodo kaja. Poyamba amisiri ankaopa kuti magalasi awiri akakhudzana akandana, motero ankasiya kampata kakang'ono ka mpweya pakati. Koma kuwala kukamatuluka m'galasi kulowa mumpweya, pafupifupi magawo 4 mwa 100 amabwerera m'mbuyo, n'kukasokoneza nyali ya laser imene yakutumiza. Mankhwala ake anali kuchita chimene ankachiopacho: kupera nsonga ya kandodo kuti ikhale yozungulira pang'ono ngati mutu wa dzira, kuti mitima iwiri ya galasi igundane yokha popanda mpweya pakati. Ena anapitirira napera nsongayo mopendekeka ndi madigiri 8, kuti kuwala kobwerera kusochere m'mbali osafikanso kumene kwachokera. N'chifukwa chake mukasuzumira m'kabokosi ka intaneti m'nyumba ya munthu amene anakokeredwa faiba mudzaona pulagi yobiriwira, chizindikiro cha nkhope yopendekeka, pamene ya buluu ndi yosapendekeka. Ndipo mmisiri aliyense amalangizidwa tsiku loyamba kuti yobiriwira ndi ya buluu sizikwatirana, pakuti zikakakamizidwa zimaswana nkhope. Amisiri akale ankapera okha pamanja, ulusi ataumata ndi guluu wouma pamoto, akuyendetsa dzanja pa pepala lopelera mojambula nambala 8 kufikira nkhope itasalala.

Mfundo yomanga kamodzi ija inapeza njira yake m'moto. M'malo momata, anthu anaphunzira kusungunula nsonga ziwiri ndi kamphezi kakang'ono kodumpha pakati pa timisomali tiwiri, kuti magalasi awiri asanduke thupi limodzi. Ndipo makampani a ku Japan, Fujikura, Sumitomo Electric ndi Furukawa, anapanga makina onyamulika amene amapenya okha mitima ya maulusi ndi timakamera, n'kuilunjikitsa asanaiwotcherere.

Ntchito imeneyi ndinaionerera tsiku lina m'mphepete mwa msewu, kumene galimoto yokumba ngalande inali itadula nthambo. Mnyamata wina anakhala pansi pa kahema, makina ali pa mawondo, zala zake zakuda ndi mafuta oterera amene amadzazidwa m'machubu a nthambo. Anatenga ulusi wa buluu, pakuti maulusi ali ndi mndandanda wa mitundu 12 woyambira pa buluu, lalanje, wobiriwira ndi wakhofi, ndipo wolumikiza amausunga pamtima ngati katekisimu. Anausenda chikopa ndi kapulayala, naupukuta ndi spiriti mpaka unalira ngati mbale yotsukidwa bwino, naudula ndi kachipangizo kamene kamangokanda galasi pang'ono n'kulithyola mowongoka. Kachidutswa kotsalako anakatola mosamala n'kukaika m'kabotolo, poti kagalasi kotere kakalowa m'khungu sikaoneka pokachotsa. Makina analira, pa kagalasi kake panaoneka mizere iwiri ikuyandikizana, kunang'anima, mizere iwiri ija n'kukhala umodzi. Anakokera pamfundopo kachubu kapulasitiki kokhala ndi kachitsulo m'kati, nakawotcha m'kauvuni ka pamakina pomwepo, n'kutenga ulusi walalanje. Anthu odutsa ankamufunsa kuti netiweki ibwera nthawi yanji, iye osadzutsa mutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono mfundo yomalizidwa ndi chinthu chosalimba, ngati khanda longobadwa kumene, ndipo imafuna nyumba. Pano mbiri ibwerera m'mbuyo kufikira masiku a nthambo za kopa, pamene amisiri a matelefoni ankathira mafuta a parafini owira pa mfundo kuti chinyezi chichoke, n'kuiveka mkono wa mtovu, n'kumata m'mapeto mwake ndi chitsulo chosungunuka chimene ankachisalaza ndi kansalu kochindikala m'manja. Pambuyo pake ankapopera mpweya wouma m'nthambo kuti madzi asapeze polowera. Madzi saiwala khwawa, ndipo mdani wamkulu wa mfundo wakhala yemweyo kuyambira kale, popeza chinyezi chikafika pa galasi lokandika ndi lokokedwa, kamng'alu kosaoneka kamakula mwakachetechete kufikira ulusi utaduka wokha patapita zaka.

Munthu amene anatsegula njira yatsopano anali Cook winanso, Paul Cook, amene mu 1957 anayambitsa kampani ya Raychem ku California. Iye anagwiritsa ntchito chinthu chodabwitsa, chakuti pulasitiki yowombedwa ndi cheza champhamvu imakhala ngati ili ndi chikumbumtima: ukaitenthetsa, n'kuifutukula, n'kuiziziritsa ili yofutukuka, imakhala momwemo kufikira tsiku limene idzamvanso moto, pamenepo imakhwinyata kubwerera ku msinkhu wake wakale, n'kugwira zolimba chilichonse chili m'kati mwake. Ndi luso limeneli mtovu unapuma, ndipo kampaniyo, imene inalinso ndi fakitale ku Kessel-Lo pafupi ndi Leuven ku Belgium, inatchuka ndi mabokosi a faiba otchedwa FOSC, akuda, ooneka ngati mtsuko wovundikira, amene nthambo zonse zimalowera mbali imodzi ya kutsinde. Raychem inagulidwa ndi Tyco mu 1999, ndipo gawo la ntchito imeneyi linapita m'manja mwa CommScope mu 2015, koma mtsukowo ukadali pa mapolo ndi m'maenje a maiko ambiri.

M'kati mwa mtsuko wotere muli nzeru yambiri yobisika. Muli chomangira msana wa nthambo, kuti ikakokedwa ndi mphepo kapena ndi nthaka yotitimira, mphamvuyo ithere pa chitsulo isafike pa galasi. Muli timathireyi tosanjikizana, totseguka ngati masamba a buku, mmene ulusi wotsala umazungulira mwaulemu, popeza ulusi wamba ukapindidwa mothina koposa mamilimita 30 kuchokera pakati pa bwalo lake, kuwala kumayamba kudontha pa ngodya. Ndipo wotsalawo amausiya dala, kuti mmisiri wa mawa, amene mwina sanabadwe, adzapeze podula ndi poyambiranso. Pambuyo pake kunabwera phala lofewa losauma, limene limatseka polowera nthambo pongolifinya, kotero kuti munthu atha kutsegula bokosi, kuonjezera nthambo ya kasitomala watsopano ndi kutsekanso popanda kuyatsa moto m'dzenje.

Dziko lathu, lopanda gombe la nyanja yamchere, limadalira mfundo zimenezi koposa maiko ambiri. Nthambo yoyamba ya galasi yooloka Atlantic, TAT-8, inayamba ntchito mu 1988, koma gombe la kum'mawa kwa Africa linadikira kufikira SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010. Ndipo kuwala kumene kumatsika ku Dar es Salaam kapena ku Maputo kumatifika kudzera m'maiko a anansi athu, kwina pansi pa nthaka, kwina m'kati mwa waya wa pamwamba penipeni pa nsanja za magetsi za ESCOM, kumene bokosi la mfundo limamangidwa pa mwendo wa nsanja. Mu May 2024, pamene nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, intaneti inafooka kuno kwathu ndi ku Tanzania, ndipo inachira bwino pokhapokha sitima itakafika pamalopo, n'kuvuula mbali ziwiri za nthambo, amisiri n'kuchita pa sitimapo ntchito yomweyo imene ankachita mnyamata uja pansi pa kahema.

Iye anamaliza dzuwa litapendeka. Anaimbira mnzake amene anali kutali ndi makina oyezera, otumiza kuwala m'ulusi ndi kumvetsera kobwerera, ndipo atamva kuti mfundo zonse zadutsa, anagoneka timachubu tija m'mipata yake kamodzikamodzi, napinda timathireyi, napukuta mphira wa pakamwa pa mtsuko ndi nsalu yoyera kuti pasatsale ngakhale kamchenga, navundikira, namanga lamba wake. Kenaka anakulunga nthambo yotsala mozungulira kangapo, natsitsa mtsuko m'dzenje la simenti, ndipo iye ndi anzake awiri anakankhira chivundikiro pamwamba pake.