Kupeza dokotala wa banja lanu: zoyenera kufufuza musanayambe kumudalira

Kuno kwathu aliyense wovala gauni yoyera pachipatala timamutchula kuti adokotala. Ndi ulemu ndithu, koma ulemuwo umabisa kusiyana kofunika kukudziwa. Amene akukupimaniyo akhoza kukhala dokotala wa digiri, clinical officer, medical assistant kapena namwino. Akhozanso kukhala munthu amene sanaphunzirepo zachipatala, anangopeza chipinda kuseri kwa msika n'kupachika chikwangwani.

Dokotala wa banja ndi amene mumapitako nthawi zonse, amene akudziwa mbiri ya thupi lanu, la ana anu ndi la makolo anu. Ubwino wake umaoneka kwambiri pa matenda okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu. Munthu wa BP amene mwezi uno wapita kwina, mwezi wamawa kwina, amasinthidwa mankhwala pafupipafupi, ndipo palibe amene amaona kuti manambala ake akukwera pang'onopang'ono. Ena amadzazindikira sitiroko itawagwetsa kale.

Madokotala amene anachita ukatswiri wosamalira banja lonse alipo, koma ndi ochepa. Maphunziro amenewa anayamba m'dziko muno mu 2015 pansi pa College of Medicine, yomwe tsopano ili mu yunivesite ya KUHeS, ndipo ophunzira ake amaphunzirira pa zipatala monga cha boma cha Mangochi. Choncho kwa ambiri a ife, makamaka kumidzi, dokotala wa banja adzakhala clinical officer kapena medical assistant. Musaone ngati mwatsika. Clinical officer amaphunzira zaka 3, ndipo m'zipatala za m'maboma ndi iwo amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera. Chachikulu ndi choti akhale wovomerezeka komanso wodziwa pomwe nzeru zake zathera, kuti akutumizeni patsogolo nthawi isanathe.

Yambani ndi chipatala chomwe mungafikeko msanga ngakhale mvula itagwa kapena mwana atadwala usiku. Zipatala za boma ndi zaulere. Za mishoni, zomwe zili pansi pa CHAM, zimalipiritsa, ngakhale zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma woti thandizo lina, makamaka la amayi oyembekezera ndi ana, likhale laulere. Funsani ngati chanucho chili pa mgwirizanowo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amazidziwa bwino zipatala zozungulira. Anansi nawonso afunseni, koma osangofunsa kuti "kodi kuli bwino?" Funsani ngati dokotalayo amapima, ngati amafotokoza za matendawo, komanso ngati amapezeka yemweyo mukapitanso.

Pa zipatala zomwe si zaboma m'pamene muyenera kutsegula maso kwambiri. Bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, ndilo limalemba m'kaundula madokotala, madokotala a mano, ma clinical officer ndi ma medical assistant. Ndilonso limayendera ndi kuvomereza zipatala za anthu wamba. Apa pali mapepala awiri osiyana: la munthuyo, ndi la chipatalacho. Onse awiri ayenera kukhalapo, ndipo chilolezo chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Mukalowa, yang'anani pakhoma. Werengani dzina ndi chaka. Satifiketi ya kusukulu, ngakhale itakhala mufelemu yokongola, si chilolezo.

Pali chinanso chomwe ambiri sachilabadira. Dzina lomwe lili pa chilolezo likhoza kukhala la munthu wina, pomwe amene wakhala pampando akukulemberani mankhwala ndi wina. Mwini wake mwina ali kuntchito kwina, wasiya wachibale kapena wothandizira. Funsani mwaulemu dzina la amene akukuonaniyo ndi udindo wake. Wophunzira ntchito yake sakhumudwa ndi funso limeneli, amangoyankha. Ngati mukukayikabe, lembani dzinalo ndi la chipatalacho, mufunse ku Medical Council ngati zili m'kaundula. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council of Malawi, pomwe malo ogulitsira mankhwala amavomerezedwa ndi PMRA.

Zomwe mwaona pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp musazitenge ngati umboni. Chithunzi cha munthu atakoloweka chopimira m'khosi aliyense akhoza kujambulitsa. Amene akulonjeza kuchiziratu shuga kapena HIV, n'kukuuzani kuti musiye mankhwala akuchipatala, mutalikireni. Chimodzimodzi amene akufuna kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanaone n'komwe pomwe chipatala chake chili.

Ulendo woyamba ndi bwino kupita musanadwale kwambiri, mwina kukangopimitsa BP kapena shuga. Munthu akamabuula ndi ululu safunsa mafunso. Mukadali ndi mphamvu choncho, funsani nthawi yotsegulira ndi yotsekera, ngati amagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, komanso komwe muyenera kupita usiku iwo akatseka. Funsani ngati ali ndi labu, ndi komwe amatumiza odwala zikavuta: chipatala chachikulu cha m'boma lanu, kapena Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central kaya Mzuzu Central. Mtengo wokumana ndi dokotala, wopimitsa ndi wa mankhwala muudziwiretu, ndipo ngati muli pa MASM kapena inshuwalansi ina, tsimikizani kuti amailandira musanalandire thandizo.

Kenako onani mmene akugwirira ntchito. Kutentha thupi konse si malungo, ndipo ndondomeko ya unduna wa zaumoyo ndi yoti magazi apimidwe kaye munthu asanapatsidwe LA. Wokupatsani LA osapima wadumpha sitepe yofunika. Enafe timakhulupirira kuti popanda jakisoni kapena diripi ndiye kuti sitinathandizidwe, ndipo pali ena amene amapezerapo ndalama pa chikhulupiriro chimenechi. Matenda ambiri amatha ndi mapiritsi, ena safuna n'komwe mankhwala. Pa kapepala ka mankhwala pazilembedwa dzina lake ndi kamwedwe kake, ndipo muli ndi ufulu wofunsa tsiku lomwe mphamvu yake idzathe.

Buku lanu la kuchipatala muziyenda nalo kulikonse, ndipo onetsetsani kuti zomwe mwapimidwa ndi mankhwala omwe mwapatsidwa zalembedwamo. Dokotala akasamutsidwa, monga zimachitikira kawirikawiri m'boma, bukulo ndilo lidzauze wolowa m'malo mwake komwe munachokera.

Pa zadzidzidzi musadikire dokotala wanuyo. Mwana akakomoka kapena kubanika, mayi woyembekezera akamataya magazi, kapena munthu akafooka mbali imodzi ya thupi, thamangirani kuchipatala chomwe chili pafupi. Ndipo ngati mwachitiridwa zosayenera, zipatala za boma zili ndi ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo, yomwe inayamba mu 2018. Dandaulo lokhudza khalidwe kapena ziphaso za dokotala lipititseni ku Medical Council, mutalemba dzina lake, chipatala, tsiku ndi zomwe zinachitika, pamodzi ndi malisiti ngati munalipira.