Mpata wa pakati pa galimoto ndi phula

Masipuling'i ndi akale kuposa galimoto. Mu 1804 Obadiah Elliott wa ku London analembetsa luso lake la zitsulo zopyapyala zosanjikizana, zopindika, zonyamulira ngolo zokokedwa ndi akavalo. Galimoto zoyamba zinatengera zomwezo, ndipo ngakhale za mpikisano zinali zazitali msinkhu, poti misewu ya masiku amenewo inali ya miyala ndi maenje. Tayala linkafuna mpata wokwera likagunda mwala, ndi mpata wotsika likafika pa dzenje. Ntchito ya sipuling'i mpaka lero ndi yomweyo, kukankhira tayala pansi kuti lisalekane ndi msewu. Tayala likakhala m'malere silikhotetsa galimoto, ndipo buleki siligwira.

Mabwalo a phula atachuluka, amisiri anayamba kutsitsa galimoto, chifukwa kulemera kukakhala pafupi ndi nthaka galimoto siipendama kwambiri pokhota. Koma sentimita iliyonse imene atsitsa amaichotsa pa ulendo wa tayala. Colin Chapman, amene anayambitsa kampani ya Lotus, ankadziwa zimenezi bwino. Galimoto zake zoyambirira zinali ndi chimango cholimba koma masipuling'i ofewa, kuti tayala lizitsata msewu momasuka.

Zinthu zinatembenuka mu 1977 ndi galimoto ya Lotus 78. Kunsi kwake anakuumba ngati phiko la ndege lozondoka, m'mbali naikamo masiketi okhudza phula otsekera mpweya, kotero galimoto ikathamanga inkayamwidwira pansi. Mario Andretti anatenga ukatswiri wa Formula One mu 1978 ndi Lotus 79. Vuto linali lakuti mphamvu yoyamwayo imakula liwiro likamakula. Sipuling'i yofewa inkafinyika mpaka galimoto kukwecha pansi, ndipo siketi ikanyamuka pang'ono mpweya unkalowa, galimoto n'kutaya msewu pakati pa khona. Choncho magulu onse analimbitsa masipuling'i, nkhonya za msewu zonse n'kumathera pa msana wa woyendetsa.

Mu 1981 akuluakulu a mpikisano analetsa masiketi otsetsereka, nalamula kuti pansi pa galimoto pazikhala mpata wa masentimita 6. Gordon Murray wa gulu la Brabham anaona kuti mpatawo amauyeza galimoto itaima. Anapanga BT49C kukhala pa mpweya ndi mafuta opanikizidwa: ikathamanga inkamira pang'onopang'ono mpaka kufika pa phula, ikachepetsa liwiro pobwerera kwa oyeza inkadzukanso. Nelson Piquet anapambana nayo chaka chimenecho, ena onse anakopera, lamulo linangotsala pa pepala. Chapman anayesa njira imene ine ndimaiona yachifundo kwambiri, Lotus 88 ya zimango ziwiri, china cholimba chonyamula mphamvu ya mpweya, china chofewa chonyamula munthu. Akuluakulu a mpikisano sanailole kupikisana ngakhale kamodzi. Mu 1983 anangolamula kuti kunsi kukhale kosalala.

Kenako kunabwera makompyuta osunga msinkhu wa galimoto okha. Ayrton Senna anapambana ku Monaco mu 1987 ndi Lotus 99T, ndipo Nigel Mansell anapambana mipikisano 9 mu 1992 ndi Williams FW14B, galimoto zonse ziwiri zili ndi makompyutawo. Izinso anaziletsa pofika 1994. Chaka chomwecho Senna atafa ku Imola pa 1 Meyi, anaika thabwa lokhuthala mamilimita 10 kunsi kwa galimoto iliyonse. Lamulo linali lakuti likaperepeseka kuposa milimita imodzi, ndiye kuti munatsitsa mopitirira. Michael Schumacher analandidwa chipambano ku Belgium chaka chomwecho chifukwa cha thabwa, ndipo Lewis Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa ku Austin mu 2023 pa mlandu womwewo. Hamilton yemweyo anatuluka m'galimoto movutika ku Baku mu 2022, atagwira msana, galimoto itamudumphitsa mpikisano wonse.

Munthu wamba amene watsitsa galimoto yake kuti akathamange pa bwalo amakumana ndi nkhani yomweyi m'galaja. Sipuling'i yolimba kwambiri imabwera yaifupi, ndipo galimoto ikaikhalira imafinyika pang'ono chabe. Mukaikweza pa jeke tayala n'kulendewera, sipuling'i ija imamasuka pa mpando wake, mutha kuigwedeza ndi chala. Ndiye chifukwa chake amaikapo kasipuling'i kena kofewa, kamene kamafinyikiratu galimoto ikakhala pansi, ntchito yake kungogwiriziza yaikuluyo tayala likatsika. Kumtunda kuli kamphira koletsa zitsulo kugundana. Galimoto ikatsika kwambiri imayenda itatsamira kale kamphirako, ndipo pamenepo sipuling'i imene munagula yasiya ntchito.

Galimoto yotsika ndi yokongola, ndipo pa phula losalala imathamangadi. Koma musanapotokole mphete yotsitsira galimoto imene sipuling'i imakhalapo, kwezani galimoto, chotsani sipuling'i, yendetsani tayala ndi jeke kuchokera pansi mpaka pamwamba, muyeze mpata umene mwatsala nawo mbali zonse ziwiri.