Magazi a ku Nkhotakota, kaodzera ndi ntchito ya Pulofesa John Chisi

Mabuku a zachipatala akhala akuphunzitsa kuti kaodzera alipo wa mitundu iwiri. Wa kumadzulo ndi pakati pa Africa amadya munthu pang'onopang'ono, mwina zaka zingapo. Wa kum'mawa ndi kum'mwera, wathu uno, ndi waliwiro: masabata kapena miyezi yochepa, munthu wapita. Chiphunzitsochi sichinafafanizidwe, koma lero aliyense wolemba mosamala za nthendayi amawonjezerapo kuti ku Malawi zinthu zimayenda mosiyana. Mawu owonjezerawo anachokera kwa odwala a m'boma la Nkhotakota, ndipo dzina la Mmalawi lomwe limabwerabwera pa kafukufukuyo ndi la Pulofesa John Chisi, yemwe ankagwira ntchito ku College of Medicine. Ambiri a ife tinalimva koyamba dzinali pa chisankho cha 2014 ndi cha 2019, pomwe iwo anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti m'chipani cha Umodzi. Mavoti sanachuluke. Ntchito yawo yokhalitsa ili kwina.

Amene anadutsako pa Liwaladzi pa msewu wa M5 akudziwa momwe dera lathu linakhalira. Kum'mawa kuli nyanja, kumadzulo kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Anthu tili pakati, pa kamzere kopyapyala. Kashembe amakhala m'nkhalangomo, amayamwa magazi a nyama zakutchire zomwe zimasunga kachilombo ka nthendayi osadwala, kenako n'kudzaluma wotola nkhuni, wofuna uchi kapena wolima m'malire. Poyamba kachilomboko kamakhala m'magazi, ndipo munthu amamva malungo enieni: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mafupa. Kakalowa mu ubongo m'pamene tulo timasokonekera, ndipo m'pomwe panachokera dzina loti kaodzera.

Nkhani ya sayansi yake inayamba Chisi asanabadwe. Mu 1910, John Stephens ndi Harold Fantham a ku Liverpool anafotokoza za kachilombo komwe anakapeza mwa mzungu wina amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa, n'kukatcha Trypanosoma rhodesiense potengera dzina la dziko la Rhodesia. Pakati pa 1912 ndi 1914, bungwe la Royal Society linatumiza David Bruce ku Nyasaland, ndipo anamanga msasa wake wa kafukufuku ku Kasu, m'chigawo chapakati. Bruce ankakhulupirira kuti kachilombo kodwalitsa anthu n'komwe kaja kali m'nyama zakutchire ndi m'ng'ombe, choncho mankhwala ake n'kupha nyamazo. Dokotala wa ku Germany, Max Taute, anamutsutsa mwa njira yoopsa: anadzibaya yekha magazi a nyama okhala ndi tizilomboti, anabayanso amtengatenga achikuda oposa 100, ndipo palibe anadwala. Kaya amtengatengawo anafunsidwa maganizo awo, aliyense angadziyankhire podziwa nthawi yomwe zinkachitikira. Koma funso lomwe linatsala linali lenileni. Pa maikulosikopu tizilombo tiwiriti n'tofanana ndendende. Nanga bwanji magazi a munthu amapha kena, kena n'kupulumuka?

Yankho linatenga zaka pafupifupi 90. Mu 1998, gulu la Etienne Pays ku Brussels linasonyeza kuti kachilombo ka rhodesiense kali ndi jini imodzi, yotchedwa SRA, yomwe imakateteza ku magazi a munthu. Mu 2003 gulu lomwelo linapeza chida cha m'magazi mwathu chimene chimapha tizilombo ta ng'ombe: puloteni yotchedwa APOL1. Kachilombo kakaimeza, imaboola timatumba ta m'kati mwake mpaka kufa. SRA imagwira APOL1 isanagwire ntchito yake. Ndikamati jini kapena majini, anzanga a kunyanja kuno musaganize za ziwanda zija. Ndikunena timalangizo ta mu DNA timene cholengedwa chimatengera kwa makolo ake.

Apa m'pamene Nkhotakota akulowera. Mu 2004, magazini ya Infection and Immunity inasindikiza kafukufuku wa Lorna MacLean, John Chisi, Martin Odiit, Jeremy Sternberg wa ku yunivesite ya Aberdeen ndi anzawo ena. Iwo anayerekeza odwala a ku Uganda ndi a ku Nkhotakota. Onse anali ndi kachilombo ka rhodesiense, koma nthenda yake inali ngati ziwiri. Ku Uganda inkathamangira ku ubongo. Kuno inkakhalitsa m'magazi, anthu n'kumayenda nayo. Ofufuzawo anapeza kusiyana mbali ziwiri. Jini ya SRA ya tizilombo ta ku Malawi inali yosiyanako ndi ya ta ku Uganda. Ndipo chitetezo cha m'thupi mwa odwala chinkayankha mosiyana: mwa a ku Uganda munkachuluka kamthenga kotchedwa TNF-alpha, kamene kamasonkhezera kutupa ndi kutentha thupi, pomwe mwa a ku Malawi munkachuluka TGF-beta, kamene kamaziziritsa nkhondoyo.

Ndimaikonda pepala imeneyi chifukwa sinadzitame. Sinanene kuti yapeza chomwe chimayambitsa kusiyanako. Inangoika zinthu zitatu pa tebulo, dera, mtundu wa kachilombo ndi mayankhidwe a thupi, n'kunena kuti zikuyendera limodzi. Kodi kachilombo kathu n'kofatsa, kapena ndi matupi a anthu a kuno amene anazolowerana nako kwa mibadwo yambiri? Zambiri zomwe zalembedwa za kaodzera wa ku Malawi m'zaka zotsatira zakhala zikuzungulira funso limeneli. Chaka chomwecho Chisi anatsogolera pepala ina yonena za kuchepa kwa magazi mwa odwala kaodzera, ndipo pambuyo pake analemba mu Malawi Medical Journal momwe nthendayi imaonekera ku Nkhotakota. Mu 2010 MacLean ndi anzake anabwereza mfundo yomwe ija ndi odwala ochulukirapo: dera lililonse lili ndi nkhope yakeyake ya nthendayi.

Wina anganene kuti kufatsa kwa nthenda ndi nkhani yabwino. Kwenikweni ndi msampha. Munthu wotentha thupi kwa miyezi, wochepa magazi, wofooka, m'dera lomwe malungo ndi a tsiku ndi tsiku, amapatsidwa LA n'kubwerera kunyumba. Kaodzera wa rhodesiense alibe kachipangizo koyezera mwachangu ngati kaja ka malungo; pamafunika maikulosikopu ndi munthu amene waganizira zoti ayang'ane. Ndipo kuchedwa kunali ndi mtengo wake. Wopezeka msanga ankabayidwa suramin. Wopezeka kachilombo katalowa mu ubongo, zomwe ankazitsimikiza pochotsa madzi a pamsana, ankabayidwa melarsoprol, mankhwala a m'chaka cha 1949 okhala ndi poizoni wa arsenic, amene pawokha amapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 aliwonse olandira. Choncho kulemba kuti wodwala wa ku Nkhotakota amaoneka chonchi inali ntchito yothandiza dokotala wa pachipatala chaching'ono, osati yongokometsera CV.

Mbali ya chibadwa cha anthu inatsegukira kutali. Mu 2010, Giulio Genovese ndi anzake analemba mu Science kuti mitundu iwiri ya jini ya APOL1, yotchedwa G1 ndi G2, ndiyo ikufotokoza mbali yaikulu ya kuchuluka kwa matenda a impso pakati pa anthu akuda a ku America. Mitundu imeneyi inachokera ku Africa. Chifukwa chiyani chinthu chowononga impso chinafala m'malo mozimiririka? Ganizo lawo linali loti chimateteza ku kaodzera, monga momwe jini ya sickle cell imatetezera ku malungo. Mu G2 mukusowa tizidutswa tiwiri ta puloteni pamalo pomwe SRA imagwira, ndiye chishango cha kachilombo chimaterereka. Koma zooneka mu labotale ziyenera kuyesedwa mwa anthu a m'midzi ya kashembe. Imeneyi ndiyo inali ntchito ya TrypanoGEN, mgwirizano wa ofufuza a m'maiko angapo a mu Africa wotsogozedwa ndi Enock Matovu wa ku Makerere, pansi pa ndondomeko ya H3Africa yothandizidwa ndi Wellcome Trust ndi NIH ya ku America. Chisi anali mutu wa mbali ya Malawi.

Zotsatira sizinagwirizane bwinobwino, ndipo ndi bwino kutero kusiyana n'kuzikakamiza. Mu 2017, Anneli Cooper ndi anzake anapeza kuti ku Uganda anthu okhala ndi G2 anali otetezeka kasanu kuposa anzawo. Mu 2018 kafukufuku wina wa ku Uganda komweko sanapeze mgwirizano uliwonse. Kenako mu 2019, Kelita Kamoto ndi anzake anasindikiza mu PLOS Neglected Tropical Diseases zomwe anapeza ku Rumphi, kufupi ndi dambo la Vwaza: G2 inkateteza, ndipo mwamphamvu.

Tayang'anani mndandanda wa mayina pa mapepala awiriwa. Mu 2004 woyamba anali wa ku Scotland, Chisi wachiwiri. Mu 2019 woyamba ndi Mmalawi, pakati pali Peter Nambala, Edward Senga, Janelisa Musaya ndi Benjamin Kumwenda, ndipo Chisi ali kumapeto, komwe mwa mwambo wa sayansi kumakhala wotsogolera. Ife ophunzira timakonda kuyeza wofufuza potsegula Google Scholar n'kuwerenga kuti watchulidwa kangati. Pa muyezo umenewo wofufuza kaodzera sangapose wa HIV kapena wa malungo, chifukwa olemba za nthenda yake ndi ochepa ndipo ndalama zake n'zochepa. Ine ndikuona kuti muyezo woyenera ndi kusuntha kwa mayina kumeneku. Nambala anapitiriza, pamodzi ndi Musaya, kuyerekeza tizilombo ta ku Rumphi ndi ta ku Nkhotakota, n'kupeza kuti majini ake amagwira ntchito mosiyana. Funso la 2004 lija tsopano likufunsidwa m'kati mwa Malawi momwemo, ndi Amalawi, pa Kamuzu University of Health Sciences.

Izi sizikutanthauza kuti nkhani yatha. Mu 2019 Malawi analembetsa ku WHO odwala 91, ndipo mu 2020 analembetsa 89, kuposa dziko lina lililonse pa mtundu uwu wa kaodzera. Nkhalango ya Nkhotakota yadzadzanso nyama kuchokera pomwe African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015, kuphatikizapo njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Kuteteza nyama n'kwabwino, koma kashembe nayenso amadya momwemo. Chosangalatsa n'choti mu December 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza fexinidazole, mapiritsi omwa masiku 10, pa kaodzera wa rhodesiense, ndipo odwala ambiri amene anayesedwa nawo anali a ku Rumphi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mbali ya impso. Jini yomwe ingapulumutse mlimi wa m'malire a nkhalango ku kaodzera ndi yomweyo imene ingamudwalitse impso ngati waitengera kwa makolo onse awiri, m'dziko lomwe makina otsuka magazi amapezeka ku zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Komanso zomwe zinapezeka pakati pa Atumbuka a ku Rumphi sitingangozisenzetsa Achewa ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja, pomwe kafukufuku yemweyu watiphunzitsa kuti madera awiriwa ali ndi tizilombo tosiyana. Ndipo zonsezi zinalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri. Agogo amene anapereka mkono wawo pa chipatala cha boma ku Nkhotakota kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ali ndi ufulu womva m'Chichewa zomwe magazi awo ananena.