Abusa Opanda Kolala ndi Mawu Ena a Kasewero ka Khirisimasi

Teremu yoyamba ikamapita kumapeto mu Disembala, sukulu zambiri za mkaka ndi Sande sukulu zimayamba kuyeserera kasewero ka kubadwa kwa Yesu. Pa malo a Mariya pamakhala kulimbirana ndithu, koma chisokonezo chenicheni chimabwera mphunzitsi akafunsa amene akufuna kukhala abusa. Mwana wa zaka zisanu akamva liwu lakuti abusa amaona munthu wa kolala yoyera pakhosi, jekete lakuda, Baibulo lili m'khwapa. Mukamuuza kuti avule nsapato, atenge ndodo, amakuyang'anani modabwa.

Mwanayo sanalakwe, chifukwa liwuli linasamukira kuguwa kalekale. Koma kwawo kwenikweni ndi kuthengo. Busa ndi malo odyetserako ziweto, wopita kubusa ndi ng'ombe kapena mbuzi ndiye m'busa, ndipo ntchito yake ndi ubusa. Atsogoleri a mpingo anachita kubwereka dzinali kwa anyamata oweta. Si ife tokha tinatero: pastor wa m'Chingerezi ndi liwu la Chilatini lotanthauza woweta, lochokera ku mneni pascere, kudyetsa.

N'chifukwa chake phunziro la abusa liyenera kuyambira pansi, pa dothi. Bweretsani dongo m'beseni, ana aumbe nkhosa monga anyamata akumudzi amaumbira ng'ombe kudambo, amange khola la timitengo, aziwerenga nkhosazo polowa. Kenako afunseni chifukwa chake mbuzi sazitayirira mwezi uno. Wina amene agogo ake ali ndi munda adzayankha kuti zingadye mmera. Akafika pamenepo, nkhani ya Luka ya anthu ochezera usiku kuyang'anira zoweta imamveka yokha, ndipo anawo amaona kuti oyamba kuuzidwa kuti Yesu wabadwa anali anthu onunkha utsi ndi ndowe, osati a m'kachisi ayi.

Amene anabwera kudzawauzayo ali ndi dzina limene Chichewa chinaliumba mwakemwake. M'Chigiriki, chiyankhulo chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, angelos ndi wotumidwa mmodzi, mthenga. Liwuli litafika kuno, khutu la Mchewa linamva a wakumayambiriroyo ngati a wa alimi, alendo, aphunzitsi. Pamene pali alimi pali mlimi, ndiye pamene pali angelo mmodzi wa iwo akhale mngelo. M ameneyo ku Greece sakumudziwa, tinamuikapo ndife.

M'liwumo mulibe mapiko, ndipo Luka satchula mapiko pa usiku umenewo. Aphunzitsi amachezera kudula makatoni ndi kumata mapepala oyera, ndipo ine sindingawaletse, pakuti mwana amene wavala mapiko a katoni saiwala tsikulo. Komabe masewera amene amafika pa tanthauzo ndi ena, osafuna guluu kapena sizasi. Mwana aliyense amadziwa kutumidwa: "Thamanga ukawauze azakhali ako kuti nsima yapsa." Mphunzitsi anong'oneze mmodzi uthenga waufupi, iye athamangire kwa anzake amene akhala pansi pa mtengo ndi nkhosa zawo zadongo, akaunene mokweza osachotsapo kapena kuonjezapo. Akafikitsa bwino, ndiye mngelo ameneyo. Ngakhale liwu la Chigiriki limene timalimasulira kuti uthenga wabwino, euangelion, lili ndi mthenga yemweyo m'kati mwake.

Dzina la tsikulo ndi mawu awiri omatirirana. Khirisimasi tinalitenga ku Chingerezi, kumene linalembedwa kale mu 1038 kuti Cristes mæsse, Misa ya Khristu. Misa ndi missa wa Chilatini, wochokera ku mneni wotanthauza kutumiza, chifukwa cha mawu otulutsira anthu pomaliza mwambo. Choncho ngakhale a mipingo imene sichita Misa amaitchula chaka chilichonse osadziwa. Nalo dzina lakuti Khristu, ana ambiri amaliyesa la bambo, ngati Banda kapena Phiri. Koma Khristos m'Chigiriki ndi wodzozedwa, kumasulira liwu la Chihebri limene ife timati Mesiya.

Apa Chichewa chimathandiza kuposa Chingerezi, chifukwa liwu lathu silinachoke m'nyumba. Mwana aliyense amadzola mafuta akasamba. Munthu amadzola yekha, koma akamapaka mnzake akumudzoza, monga momwe kulira kumaberekera kuliza ndi kukwera kumaberekera kukweza. Ku Israeli mfumu ankaidzoza mafuta pamutu poilonga, ndipo chaputala 16 cha buku loyamba la Samueli chimasimba za Davide, mnyamata wa ku Betelehemu amene anakamutenga kubusa kuti adzozedwe. Kabotolo ka mafuta odzola ndi chala chimodzi zikwanira: ana akhale mozungulira, aliyense adzoze mnzake pamphumi n'kumutchula dzina. Makolo ena amakayikira mafuta ochokera kwina, choncho ndi bwino kuwauziratu kuti ndi odzola wamba a kugolosale.

Za tsiku lenileni limene Yesu anabadwa Baibulo silinena kanthu. Umboni wakale kwambiri wa 25 Disembala ndi wa ku Rome m'chaka cha 336, ndipo kumpoto kumeneko nthawiyo ndi yozizira, usana waufupi. Makadi a chipale chofewa anachokera kumeneko. Omasulira ena amaitcha nyengo imeneyo dzinja, n'kusokoneza ana, chifukwa dzinja lathu ndi la mvula, ngumbi, bowa ndi mango, pamene chisanu timachimva mu Juni ndi Julayi. Kumata thonje pa kamtengo ka pepala ndi kuphunzitsa nyengo ya eni ake. Kalasi ikongoletsedwe ndi zimene zikuphuka panja. Abale athu a ku Tete, amene anaphunzira m'Chipwitikizi, amati Natal, kuchokera ku natalis wa Chilatini, za kubadwa. Ndi dzina lomwelo limene Vasco da Gama anapatsa gombe la ku South Africa atalidutsa pa Khirisimasi ya 1497.

Tsopano pogona mwanayo. Modyera ndi liwu losabisa kanthu: kudya, kudyera, mo dyeramo. Luka amatchula chinthuchi katatu m'chaputala chachiwiri, m'Chigiriki phatne, koma satchula ng'ombe kapena bulu ataima pambali. Nyama ziwirizo zinalowa m'zithunzi kuchokera m'chaputala choyamba cha Yesaya, pamene akunena za ng'ombe yodziwa mwini wake ndi bulu wodziwa modyera mwa mbuye wake. Amene anatchukitsa mwambo woonetsa zonsezi ndi maso ndi Francis wa ku Assisi. Mu 1223, m'mudzi wa Greccio ku Italy, anakonza modyera mwa udzu, nabweretsa ng'ombe ndi bulu zamoyo kuti anthu wamba aone umphawi wa kubadwako. Aphunzitsi amene amayala udzu m'katoni ya sopo akutsata iyeyo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sukulu ya anawo imatchedwa dzina la katoni imeneyo. M'Chifalansa modyera ziweto ndi crèche. Mu 1844 Firmin Marbeau anatsegula ku Paris nyumba yosungirako makanda a amayi opita kuntchito, ndipo inatchedwa crèche pokumbukira modyera mwa ku Betelehemu. Liwulo linalowa m'Chingerezi, linafika kum'mwera kuno, ndipo mayi wa ku Mangochi amene akugwira ntchito ku Johannesburg akati wasiya mwana kukireshi, akunena kuti wamugoneka modyera. Betelehemuyo m'Chihebri ndi nyumba ya mkate, mudzi umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kum'mwera kwa Yerusalemu.

Pa kuyeserera padzabuka vuto limodzi. Mtsikana amene akusewera Mariya sadzalola kusiya chidole m'katoni nthawi yaitali, adzachinyamula n'kuchiponya kumsana, n'kumanga chitenje pachifuwa. Musamuletse. M'Chichewa wobala mwana ndi womunyamula kumsana onse abereka, ndipo mtsikanayo akuchita zimene liwu limamuuza.

Otsiriza kulowa ndi alendo a mphatso, amene ali m'buku la Mateyu. Mphatso yachiwiri Mabaibulo ena amailemba libano, kutsata libanos wa Chigiriki, ena lubani. Lubani ndi luban wa Chiarabu, ndipo mawu onsewa amachokera ku muzu umodzi wa ziyankhulo za kumeneko wotanthauza kuyera, umene ulinso m'dzina la dziko la Lebanon. Ndi utomoni wa mitengo ya m'madera ouma a Oman, Yemen ndi Somalia: amatema khungwa, madzi oyera ngati mkaka n'kutuluka, n'kuuma timibulu. Ubwino wake lubani amapezeka m'misika yathu. Ana aone timibuluto, atigwire, kenako mphunzitsi yekha aponye kamodzi pa khala lamoto m'phale, panja, anawo ataima patali. Ena adzati kukununkhira kutchalitchi, ena kumzikiti kapena kunyumba kwa agogo, ndipo onse adzakhala akunena zoona. Mure, mphatso yachitatu, ndi utomoni wina, dzina lake likuchokera ku muzu wotanthauza kuwawa, womwewo wa Mara, malo a madzi owawa m'buku la Eksodo. Ameneyu ndi wovuta kumupeza, kungomutchula kukwanira.

Nanga alendowo anali angati, ndipo anali ayani? Mateyu amawatcha magoi, dzina la ansembe ndi akatswiri a nyenyezi a ku Persia, n'chifukwa chake ife timati anzeru a kum'mawa. Sanena kuti anali mafumu, sanenanso kuti anali atatu. Zisoti zachifumu za pepala zinabwera pambuyo, ndipo chiwerengerocho anthu anachitenga pa mphatso zitatu. Mipingo yakale ya ku Syria inkawerenga khumi ndi awiri. Choncho mukagawa malo onse n'kutsala ana asanu ndi awiri akulira pakona kuti alibe chochita, apatseni aliyense kachitini kokulunga m'pepala, alondole nyenyezi yomangirira pa nsungwi. Lemba silikuletsa.