Cholembera cha Michael Faraday

Ophunzira ambiri amene mtima wawo uli pa sayansi amayesa kuti phunziro la Chingerezi n'lotayitsa nthawi, ati chifukwa wasayansi amangofunika masamu ndi zipangizo za mu labotale. Mbiri ya Michael Faraday, katswiri wa zamagetsi wa ku England, imatsutsa maganizo otere.

Faraday anabadwa m'chaka cha 1791 kufupi ndi mzinda wa London. Bambo ake anali mmisiri wosula zitsulo, ndipo chifukwa cha umphawi mwanayo sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku ndi kuwaika zikuto kwa George Riebau. Mabuku amene ankasokawo ankawawerenganso, makamaka la Jane Marcet lofotokoza za kemisitiri.

M'chaka cha 1812 anapatsidwa mwayi wokamvera nkhani zinayi za sayansi zimene Humphry Davy, wasayansi wotchuka wa nthawiyo, anakamba ku Royal Institution. Anthu ambiri anamva nkhanizo, naomba m'manja, napita kwawo. Faraday analemba zonse zimene anamva, nazikonzanso mwadongosolo pamodzi ndi zithunzi, nazisoka kukhala buku la masamba oposa 300. Bukulo analitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Mnyamatayu analibe setifiketi iliyonse. Chimene chinamuchitira umboni chinali kalembedwe kake basi. Mu Malichi 1813 analembedwa ntchito yothandiza mu labotale ya Davy.

Chochititsa chidwi n'chakuti Chingerezi chinali chiyankhulo chake chobadwa nacho, komabe sanadzinamize kuti amachidziwa. Ankadziwa kuti Chingerezi cha m'misewu ya London si chimene chimalembedwa m'mabuku a sayansi. Choncho ankalembera mnzake Benjamin Abbott makalata ataliatali ndi cholinga chofuna kuzolowera kufotokoza maganizo ake momveka. Kwa zaka zingapo ankakumananso ndi anzake ena madzulo, aliyense n'kuwerenga zimene walemba, enawo n'kumukonza mosanyengerera pa galamala ndi katchulidwe ka mawu.

Phindu la khamali linaoneka m'chaka cha 1831, pamene anatulukira kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumadutsa magetsi. Majenereta onse, kuphatikizapo a ku Nkula pa mtsinje wa Shire, amagwira ntchito motsata mfundo imeneyi. Koma kutulukira chinthu n'kwina, kuchifotokoza kuti wasayansi wa dziko lina achiyese yekha n'kwinanso. Faraday ankalemba chilichonse chimene wayesa, cholephereka chomwe, m'ndime zokhala ndi manambala, ndipo ndimezo zinapitirira 16,000. Pamene mawu oyenera anasowa m'Chingerezi, anafunsa nzeru kwa William Whewell wa ku Cambridge, ndipo m'chaka cha 1834 mawu akuti anode, cathode ndi ion analowa m'sayansi.

Pa masamu ndiye anali wofooka kwambiri, moti maganizo ake ozama okhudza mphamvu ya maginito anawafotokoza m'ziganizo wamba, ndipo akatswiri ena ankawaderera. James Clerk Maxwell, amene masamu ankawadziwa bwino, atawerenga ziganizozo anapeza kuti zinali zolongosoka kotero kuti zikanatheka kuzisandutsa masamu. Anayamba ntchitoyo m'chaka cha 1855, Faraday akali moyo.