Magalimoto a m'Boma la Ntcheu: Kulimba Kwake ndi Zovuta Zake

Boma la Ntcheu lili pafupifupi pakati pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Msewu wa M1 umalowa m'bomali chakummwera ku Senzani ndi Manjawira, umadzera pa Nsipe ndi pa boma, n'kukwera kulowera ku Biriwiri, Mlangeni ndi Lizulu, kumene umatsata malire a Mozambique. Chakum'mawa, msewu wa M5 umadutsa m'chigwa chotentha cha Bwanje. Galimoto ya kuno imakumana ndi zitunda, fumbi ndi katundu wolemera, ndipo zitatuzi ndizo gwero la zovuta zake zambiri.

Mbiri

Kwa zaka zambiri apaulendo ankadalira mabasi a kampani ya United Transport Malawi. Mu 1989 kampaniyi idagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, yomwe idachoka mu 1997, mabasiwo n'kukhala a Shire Bus Lines. Makampani otere anali ndi magalaja ndi amakaniko awoawo, ndipo basi inkaunikidwa pa nthawi yoikika. Malonda atamasuka m'zaka za m'ma 1990, maminibasi a anthu wamba adachuluka. Pambuyo pake padadza magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, ambiri mwa iwo odzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Chiwongolero chawo chili kumanja, zomwe zimagwirizana ndi kayendedwe ka m'misewu ya Malawi. Udindo wosamala galimoto udachoka m'manja mwa kampani n'kugwera mwini wake, amene nthawi zina amapita kwa makaniko pokhapokha itakana kulira.

Zovuta zofala

Chitunda chokwera chimatha kilatchi ndi kuwiritsa injini. Chotsika chimatha mabuleki. Dalaivala akatsika phiri atachotsa giya pofuna kupulumutsa mafuta, mabuleki amatentha mpaka kusiya kugwira. Lole yodzaza matumba imafunika kutsika ndi giya yamphamvu, yoyenda pang'onopang'ono, kuti injini ithandize kuigwira. Madzi a pachitsime othira mu redieta amasiya dzimbiri ndi zokakamira, ndipo injini ikawira kawirikawiri gasiketi imapsa.

Kumsewu wa ku Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi kabichi, zothyoka kwambiri ndi masipiring'i ndi mashokapu. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta anthu amagula a m'zigubu, omwe ena amakhala ndi madzi kapena zinyalala zowononga pampu.

Toyota Sienta idapangidwira anthu 7 ndi misewu ya tala. Ndi yofupika, choncho imagunda miyala ndi kumimba, ndipo giyabokosi yake imafuna oilo wakewake. Toyota Hiace ndi malole a Dyna ndi Canter amatamandidwa makamaka chifukwa zipangizo zake zimapezeka, ndipo makaniko aliyense adazigwirapo. Kuno galimoto yodalirika ndi imene ikafa pa Lizulu m'mawa, madzulo ikhala itadzuka.

Mayina ndi kalankhulidwe

Apa ndiye pokoma. Anthu amaitenga galimoto ngati chamoyo. Imalira, imakhosomola, imamwa oilo, imafa panjira, ndipo makaniko waluso amaidzutsa. Ikatheratu n'kukhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, imatchedwa chiphapha. Mawu akuti matola, onena za lole kapena galimoto yapamtunda yonyamula anthu, amamveka kuti adachokera ku kutola, popeza imatola aliyense woimika dzanja. Matayala ogwirapo kale ntchito adabwereka dzina kwa zovala: ndi a kaunjika. Ngakhale liwu lakuti galimoto ambiri amalilumikiza ndi mawu a Chiswahili akuti gari, ngolo, ndi moto.

Palinso chilankhulo chopanda mawu. Nthambi zamasamba zondandalikidwa pamsewu zimauza wobwera kuti kutsogolo kuli galimoto yakufa, ndipo mwala woikidwa kuseri kwa tayala umagwira ntchito ya buleki ya pamanja. Nzeru zimenezi zapulumutsa anthu, koma mwala woiwalika pa tala usiku wavulaza ena. Makaniko wa pansi pa mtengo amamvetsera kulira kwa injini asanagwire sipanala, ndipo luso lakelo limayenera ulemu, ngakhale magalimoto atsopano oyendera kompyuta amafuna makina owaunikira.

Kwa mlimi wa ku Tsangano, mwina kulimba kwa lole n'kofunika mofanana ndi mvula, chifukwa tomato sadikira kuti chipangizo chifike kuchokera ku Limbe. Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti idayesedwa mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero.