Beira, Khomo Lathu la ku Nyanja ya Mcere

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife taonetsa ana dzina la Beira pa mapu, koma owerengeka okha ndiwo anapondako. Munthu wocokera ku Katete angathe kupita pa galimoto, kudzera pa malire a Chanida, naoloka Zambezi pa Tete, natsikira ku Chimoio kufikira kugombe. Cimene ciyamba kumdabwitsa ndico mayendedwe a madzi. Nyanja ya mcere iphwa ndi kudzalanso kawiri pa tsiku, ndipo pa Beira madzi akaphwa patsala matope otambalala kutali, ngalawa za asodzi zitakhala pansi monga ng'ombe zogona m'dambo. Tsono mlendo adzifunsa kuti, Anthu anamangiranji mzinda pa malo otere?

Doko lakale la dziko limenelo linali Sofala, mamailo ngati 20 kumwera kwa Beira. Kumeneko Aluya ndi Aswahili a ku Kilwa anali kugula golidi ndi minyanga zocokera kumtunda, ku Zimbabwe wakale ndi kwa Mwene Mutapa, Azungu asanafike. Mu 1505 Apwitikizi, motsogozedwa ndi Pêro de Anaia, anayamba kumangapo linga. Koma malonda a golidi anacepa, mcenga unatseka doko pang'onopang'ono, ndipo mbiri ya Sofala inazirala.

Beira anayamba mu 1887 monga kamsasa ka asilikali pa kamtsinje ka Chiveve, pafupi ndi pamene Pungwe athira m'nyanja. Dzina lace linacokera kwa Luís Filipe, kalonga wa ku Portugal wobadwa caka comweco, amene ulemu wace unali wakuti Kalonga wa Beira. Iye mwini anadzaona malowo mu 1907. Koma cimene cinakuza mudziwo ndico kusowa njira kwa Angelezi. Anthu a Cecil Rhodes atalowa m'Mashonaland mu 1890, anapeza kuti ulendo wa ngolo wocokera ku Cape unali wautali ndi wodula. Anayesa kukwera ndi ng'ombe kucokera ku Pungwe, koma kashembe anazitha m'njira. Cotero mu 1892 anayamba njanji, imene inafika ku Umtali (lero Mutare) mu 1898 ndi ku Salisbury (lero Harare) mu 1899. Malungo anapha anchito ambiri m'madambo amenewo. Maina a akapitao Acizungu analembedwa m'mabuku. A anthu akuda amene anakumba dothi ndi kusenza zitsulo sanalembedwe, ndipo ine ndiyesa kuti mphunzitsi ayenera kuuza ana zimenezi pamene aphunzitsa za njanjiyo.

Masiku amenewo Beira anali m'manja mwa kampani ya malonda, Companhia de Moçambique, imene inalamulira Manica ndi Sofala kufikira 1942, ndi ndalama zacezace ndi masitampa aceace. M'miseu munali mcenga wokhawokha, kotero kuti olemera anayenda pa tingolo ta panjanji tokankhidwa ndi anthu.

Ife tinalowamo bwanji m'nkhaniyi? Njanji yocokera ku Bulawayo inaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill (lero Kabwe) mu 1906. Migodi ya ku Copperbelt itakula, mkuwa wathu wambiri unaturukira pa Beira. Abale athu a ku Nyasaland nawonso anatumiza tiyi ndi fodya komweko, makamaka utatha ulalo waukuru wa Dona Ana mu 1935. Ndalama zinacuruka, Azungu a ku Rhodesia anadza kudzasamba m'nyanja pa Macuti, ndipo kunamangidwa Grande Hotel, imene inachuka ndi kukongola. Alendo sanakwane, inatsekedwa mu 1963, itagwira nchito zaka zosakwana khumi. Pambuyo pace munalowa mabanja ambirimbiri osowa pokhala, ndipo mlendo woiona tsopano sakhulupirira kuti munagona anthu acuma.

Ian Smith atapandukira Britain mu 1965, khomo lathu linayamba kutsekeka. Kuyambira 1966 zombo za nkhondo za Angelezi zinalonda pakamwa pa doko kuti mafuta asapite ku Rhodesia. Mu 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo mu 1975 inatha njanji ya TAZARA yonka ku Dar es Salaam. Nkhondo ya m'Mozambique inaononganso njira kufikira mtendere wa 1992. Pamene malori anayambanso kucuruka, namondwe Idai anakantha mzindawo m'Marici 2019, nasasula madenga ambiri, pakuti Beira akhalabe pa matope aja, pafupifupi molingana ndi madzi.

Amene afuna kuona Sofala asabvutike ndi ulendo, pakuti nyanja inameza zotsala za linga. Miyala yace yambiri inatengedwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kukamangira Beira, ndipo ina iri m'makoma a chalichi cacikuru ca Akatolika pakati pa mzinda. Mukalowamo, gwirani khomalo ndi dzanja.